Mazira Anasweka Pageti

Geti la kampani yophika buledi ija ndi lopapatiza ngati analimangira njinga. Galimoto ya katundu simalowa chamutu, imalowa chambuyo, ndipo woyendetsa saona kanthu koma dzanja la kapitawo pagalasi. Dzanja likakodola, iye amabwera. Likatambasuka, amaima. Kwa zaka zambiri mazira a Anamazira ankalowa motero m'mawa uliwonse, popanda chodandaulitsa.

Anamazira si dzina la makolo ayi. Anawapatsa ndi anthu a mumsewu mwawo poona kuti m'thumba la epuloni yawo simusowa dzira. Kuseri kwa nyumba anali ndi makola awiri aatali odzaza nkhuku zofiira zoikira. Analinso ndi kalole kamodzi kokalamba, ndipo wokayendetsa anali mlamu wawo, mng'ono wa amuna awo. Amuna awowo anapuma pantchito kalekale. Ankakhala pakhonde ndi wailesi n'kumauza aliyense wodutsa mmene dziko likanayendera akanalipereka m'manja mwawo. Anthu ankangowatchula kuti Apenshoni.

Tsiku lina mlamu anabwerera chambuyo monga mwa nthawi zonse, dzanja la kapitawo likukodola. Tayala lakumbuyo linaponda chivundikiro cha simenti cha ngalande, chivundikiro n'kuthyoka, tayala n'kulowamo. Kalole kanapendekeka pang'onopang'ono ngati munthu wonenepa akufuna kukhala pampando waufupi, mathireyi a mazira n'kutsetsereka onse mbali imodzi. Mlamu amati phokoso lake silinali lalikulu. Linali ngati anthu ambiri akutafuna nthawi imodzi.

Pamene Anamazira ankafika, bwalo lonse linali lachikasu. Agalu a m'dera lonselo anali atabwera ngati anawaitanira msonkhano, ophika buledi ataima pakhomo ndi zipewa zawo zoyera, manja m'chiuno. Kalole kanali katatsekereza geti, matako ali m'bwalo la kampani, mphuno ili mumsewu. Magalimoto a buledi anali atandandalika mkatimo, odzaza kale, opanda potulukira. Galimoto yokoka inabwera dzuwa litapendeka, buledi atazizira.

Mwini kampaniyo wakale, amene Anamazira ankapangana naye zinthu pakamwa pokha, anali atamwalira. Pampando panali mwana wake, amene antchito ankamutcha Bwana Wamng'ono. Anamazira ankamudziwa kuyambira ali wamamina, akubwera ndi bambo ake kudzaona anapiye. Iyeyu ndi amene anabweretsa kontirakiti ya masamba ambiri, ndipo Anamazira anaisainira akumwetulira, chifukwa inkanena kuti kampani izitenga dzira lililonse limene nkhuku zawo zaikira, iwo osagulitsa kwa munthu wina aliyense. Mawu amenewo anawanyadira mpaka anzawo a kutchalitchi anatopa nawo.

M'mawa mwake anakakhala mu ofesi ya Bwana Wamng'ono, mozizira ngati m'firiji. Mnyamatayo anali waulemu. Anawafunsa za miyendo, anafunsa za Apenshoni, anaitanitsa tiyi. Kenako anafotokoza mofatsa kuti malinga ndi kontirakiti, mazira amakhala a mlimi mpaka atatsitsidwa m'chipinda chosungira katundu. Choncho osweka aja anali a Anamazira. Sizinathere pomwepo. Kalole kawo kanatseka geti tsiku lonse, buledi sanapite m'masitolo, makeke a hotela ina sanaphikidwe, hotelayo inakwiya n'kupita kwina. Zonsezo, anatero, ziyenera kugwera mwini kalole.

Anamazira anaika kapu pansi n'kumukumbutsa kuti ngalandeyo ndi ya kampani, chivundikiro ndi cha kampani, ndipo dzanja limene linkakodola limalandira malipiro kukampani. Anaitanitsa kapitawo. Kapitawo analowa atavula chipewa, maso ali pansi, n'kunena kuti iye sankakodola munthu. Ankathamangitsa ntchentche.

Mlamu, amene anali ataima pakhomo, anapuma mwamphamvu ngati ng'ombe. Anamazira anamuyang'ana kapitawo uja kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Akapitawo, ntchentche imeneyo mwakhala mukuithamangitsa m'mawa uliwonse zaka zonsezi? Nanga yakulakwirani chiyani?"

Kapitawo anangopotokola chipewa chake. Nayenso ali ndi ana kunyumba. Bwana Wamng'ono anatsokomola pang'ono n'kunena kuti nkhaniyi aisiya m'manja mwa maloya, ndipo mpaka ithe, ndi bwino mayi ayambe aleka kubweretsa mazira. Ayamba agula kwina.

"Mwanangu," anatero Anamazira, kenako n'kudzikonza, "bwana, nanga nkhuku ndikaziuza kuti chiyani?"

Mnyamatayo anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala.

Loya wawo anamupeza pamwamba pa sitolo ya nsapato, kokwera ndi masitepe oti munthu ukafika kumwambako umakhala utaiwala kale chimene wadzera. Anali bambo wansangala, wa tayi yofiira. Anawerenga kontirakiti akugwedeza mutu ngati akumva nyimbo, n'kunena kuti mlanduwu ndi wokoma kwambiri, sanauonepo wokoma chonchi. Koma anawachenjeza chinthu chimodzi: asagulitse dzira ngakhale limodzi. Akangotero, a kampani adzanena kuti mlimi ndi amene anayamba kuphwanya pangano, ndipo mlandu wokoma uja udzawawa. Anamazira anafunsa kuti zingatheke bwanji munthu kukana kugula katundu wako, n'kukuletsanso kugulitsa kwina. Loya anavomera kuti funso limenelo ndi labwino, ndipo khoti likhoza kugwirizana nawo, kungoti khoti siliyankha munthu ataimirira. Anawauza kuti apirire pang'ono, zitha posachedwa.

Nkhuku sizinamve za loya. M'mawa mwake zinaikira. Tsiku linalo zinaikiranso, mwinanso kuposa kale, ngati zikuchita dala. Chipinda chosungira mazira chinadzaza mpaka kudenga. Mathireyi analowa m'chipinda cha alendo, anadzaza pabedi ndi pansi pa bedi, anatulukira pabalaza, anakwera pamwamba pa kabati, anazungulira tebulo. Apenshoni ankayenda m'nyumba mwawo momwe chammbali ngati nkhanu, mimba ataibweza mkati. Atafuna kukhala pa sofa anapeza pali kale alendo.

Poyamba bamboyo anaiona nkhaniyi ngati mwayi. Kwa zaka zambiri akazi awo ankawamana mazira, amati ndi a kampani. Tsopano ankadya owiritsa m'mawa, okazinga masana, ndi ena m'thumba la jekete odyera pakhonde. Sipanatenge nthawi, anayamba kutuluka m'khitchini akangomva chigoba chikusweka. Anauza mlamu chamseri kuti akabyukula, amaopa kuti alira ngati tambala.

Anamazira anaimbira loya kufunsa ngati kupereka kwaulere kuli koletsedwa. Loya anaganiza kaye, n'kunena kuti kupatsa si kugulitsa. Basi anayamba kugawa. Anagawira anansi, anagawira abusa, anatumiza kunyumba yosungira ana amasiye, anapatsa telala wa pakona, wometa tsitsi, ndi wosoka nsapato. Sabata yoyamba anthu ankawadalitsa. Kenako anayamba kuthokoza mwachidule. Pamapeto pake, akangowaona akutuluka pageti ndi thireyi pamutu, zitseko za mumsewumo zinkatsekeka chimodzichimodzi, ana akutumidwa kukanena kuti amayi kulibe.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wachilendo, wovala bwino, akuti akufuna mazira ambiri ndithu a kumalo ake odyera, ndipo ndalama ali nazo m'chikwama. Anamazira anaima naye pakhomo. Anamuyang'ana mayiyo, anayang'ana mathireyi ali mpaka pawindo, n'kukumbukira tayi yofiira. Nanga atakhala kuti watumidwa ndi a kampani kudzawayesa? Anamuuza kuti mazira kuno kulibe. Mayiyo anasuzumira pabalaza kudzera paphewa pawo, n'kufunsa kuti nanga awo ndi mababu amagetsi? Anachoka akupukusa mutu. Mpaka lero palibe akudziwa ngati anali kazitape kapena munthu wofuna mazira chabe.

Koma nkhuku imadya, kaya dzira lake lagulidwa kaya ayi. Wogulitsa chakudya cha nkhuku, mnzawo wa zaka zambiri, anawapatsa matumba kangapo mongowakhulupirira. Kenako anayamba kuwalandira akukanda kumutu, kenako anayamba kukhala ali kubanki nthawi iliyonse imene iwo afika. Kalole kanali kwa makaniko, katakwezedwa pamiyala. Mlamu ankangokhala pansi pa mtengo akusema kamtengo kopanda ntchito, osadya bwino, akumabwereza kuti, "Alamu, dzanja lija ndinaliona ine." Anamazira ankamuyankha kuti akudziwa, adye.

Maloya awiriwo anapangana tsiku lokumana. Litafika, wa kampani anadwala. Litafika lina, wa tayi yofiira anali kukhoti kwina. Kenako anakumana ndithu, n'kugwirizana kuti pafunika katswiri wodzayeza chivundikiro cha ngalande, kuti aone ngati chinathyoka chifukwa cha ukalamba kapena kulemera kwa kalole. Katswiri atafika anapeza kuti kampani inachotsa kale zidutswa zija n'kuikapo chachitsulo chatsopano. Anachiyeza chatsopanocho, n'kulemba kuti ndi cholimba.

Anamazira ankaimba foni kwa Bwana Wamng'ono, koma ankayankha ndi mtsikana wa mawu okoma, kunena kuti bwana ali pamsonkhano, ndipo nkhani ya mazira alankhule ndi loya.

Kunja kunatentha, ndipo mazira a m'chipinda cha alendo anayamba kulankhula. Amene anamvapo fungo la dzira lovunda safuna kufotokozeredwa. Mlamu anakumba dzenje kumapeto kwa mpanda. Ananyamula mathireyi pawilibala, Anamazira n'kumakhuthula okha, chifukwa sanafune kuti wina awachitire. Dzira lililonse limene linkagwera m'dzenjemo anali atalitola ndi dzanja lawo, atalipukuta ndi kansalu. Dzenje loyamba litadzaza anakumba lachiwiri. Apenshoni, amene sasowa chonena, tsiku limenelo anazimitsa wailesi n'kubwera kudzagwira fosholo.

Ali pambali pa dzenje lachiwirilo, Anamazira anaganiza chinthu chimene mlimi wa nkhuku aliyense amachidziwa koma safuna kuchichita. Nkhuku yoikira imafuna kuwala ndi chakudya chokwanira. N'chifukwa chake m'makola mumakhala mababu, kuti tsiku litalike, nkhuku izingoona ngati dzuwa likadalipo. Ukaichotsera kuwala, n'kuichepetsera chakudya, imasiya kuikira. Imayamba kusosoka nthenga, imapuma, ndipo imadya pang'ono. Pambuyo pake imadzameranso nthenga n'kuyambiranso, koma zimenezo zimatenga masabata ambiri, ndipo palibe mankhwala oifulumizitsa.

Anakweranso masitepe aja kukafunsa funso limodzi lokha, loti mlanduwu utha liti. Loya anayang'ana kudenga n'kunena kuti kunena zoona, mmene zikuyenderamu, chaka chino asayembekezere. Anamazira anatsika masitepe.

M'mawa mwake anatenga kampando n'kulowa m'khola loyamba. Anakwerapo, n'kumamasula mababu limodzilimodzi, akuwaika m'thumba la epuloni. Mlamu anakhomera masaka m'mawindo onse. Nkhuku zinkawayang'ana ndi diso limodzi, mitu itapendekeka.

"Atsikana, mwagwira ntchito," anatero Anamazira. "Pitani kutchuthi. Malipiro musafunse."

Apenshoni anafunsa ali pakhomo ngati si bwino kudikira sabata ina. Akazi awo anawafunsa kuti sabata inayo nkhuku zidya wailesi? Bamboyo anabwerera pakhonde.

Mazira anayamba kuchepa, kenako anatheratu. Makola amene ankasokosa kuyambira m'mawa anakhala chete, moti anansi anafunsa ngati nkhuku zagulitsidwa. Nthenga zinadzaza pansi, zinauluka pabwalo, zinalowa m'ndowa zamadzi ndi m'tiyi wa Apenshoni. Nkhuku zinatsala makosi ali pamtunda, misana ili mbee, malipombo atafota, zitaunjikana pakona ngati anthu amene awabera zovala kubafa. Anamazira ankalowa ndi kabeseni ka chakudya kochepa, zonse n'kuwathamangira, iwo n'kumayang'ana kumbali. Komabe pabalaza panayamba kuoneka simenti, ndipo matumba otsala aja anayamba kukhalitsa. Kwa nthawi yoyamba chichitikireni ngozi ija, anagona tulo.

Foni inalira Lachinayi masana, iwo akusesa nthenga. Anali Bwana Wamng'ono mwiniwake, mawu ali osangalala. Anati wakhala akuganiza za malemu bambo ake, ndipo maloya akungomudyera nthawi. Mazira a kumene ankagula ndi aang'ono, makeke sakufufuma bwino. Bwanji aliyense asenze zake: mayi aiwale za mazira osweka ndi kalole, kampani iiwale za buledi ndi hotela. Anali atauza kale mlimi winayo kuti basi. Mayi ayambirenso kubweretsa Lolemba, muyeso wonse wa mu kontirakiti.

Anamazira anakhala pansi pomwepo, pa nthenga, tsache lili m'manja.

Lachisanu anavala diresi yawo ya kutchalitchi n'kupita kuofesi yozizira ija. Anafotokoza zonse, za dzenje, za mababu, za masaka. Mnyamatayo anamvetsera atatsegula pakamwa. Sankadziwa kuti nkhuku imazimitsidwa.

"Ndiye kaziyatseni, mayi."

"Ndayatsa dzulo lomwe. Koma si wailesi, bwana. Zimere kaye nthenga."

"Nanga bwanji simunandifunse?"

"Ndinkaimba. Munali pamsonkhano."

Bwana Wamng'ono anapukuta kumaso ndi manja onse awiri. Sanakalipe. Anati iye uvuni sangauzimitse kudikira nthenga, ndipo masitolo akalephera kulandira buledi kachiwiri, kampani ya bambo ake ithera pomwepo. Anawauza kuti akapeze mazira kulikonse, iye sadzafunsa kuti aikira ndi nkhuku za ndani, bola Lolemba afike. Akapanda kufika, kontirakiti ikunena yokha zimene zimachitika.

Loweruka lonse Anamazira ndi mlamu anazungulira alimi anzawo pa minibasi ndi wapansi. Wina anati ake onse ali ndi eni ake kale. Wina anatchula mtengo woti ngakhale dzira lagolide silingafike. Wina anawalandira bwino kwambiri, anawapatsa mpando ndi madzi ozizira, anafunsa mwachifundo kuti nkhuku zawo zidzayambiranso liti, n'kupepesa kuti alibe owagawira. Atatuluka, mlamu anawanong'oneza kuti ameneyu ndi uja ankaperekera kampani masiku onsewa. Anamazira anatembenuka n'kumuona bamboyo kudzera pawindo, foni ili kale kukhutu.

Lolemba anapita ndi mathireyi ochepa amene anatolera uku ndi uku, atawanyamula pamiyendo mu takisi. Pageti anapeza lole ina ikulowa chambuyo, kapitawo akukodola ndi manja onse awiri. Atawaona anatsitsa manja, n'kuwabisa kumbuyo. Mathireyi awo anawalandira, n'kuwauza kuti bwana ali pamsonkhano.

Loya anawaimbira yekha patapita masiku ochepa. Anati kampani yathetsa kontirakiti chifukwa cholephera kupereka katundu, ndipo nkhani ya buledi ndi hotela yadzukanso, popeza mgwirizano wa pafoni uja sunalembedwe paliponse. Koma panali nkhani yabwino: tsopano anali omasuka kugulitsa mazira kwa aliyense amene angafune. Anawonjezera kuti mlandu watsopanowu ndi wokoma kuposa woyamba uja. Anamazira anamuthokoza mwaulemu n'kudula foni.

Kuti nkhuku imere nthenga imafuna chakudya chabwino, chambiri, ndipo m'chipinda munatsala theka la thumba lokha. Makola awiri sakanatha kuwadyetsa. Anatumiza uthenga kwa bambo wina amene amagula nkhuku zotha ntchito n'kukazigulitsa kumsika. Anabwera ndi kagalimoto kodzaza makireti, ali ndi chotokosera mano pakamwa. Analowa m'khola, anagwira imodzi miyendo, anaizondotsa, anaipapasa pachidali, n'kuseka.

"Amayi, izi mwasosola kale, mwandichepetsera ntchito. Koma nyama ili kuti? Ndikagulitse mafupa?"

Anamazira anamuuza kuti nkhukuzi si zokalamba, zili pakati penipeni pa msinkhu woikira, kungoti zikupuma. Bamboyo anati kumsika anthu sagula mbiri ya nkhuku, amagula kulemera kwake. Anatchula mtengo wake. Apenshoni ali pakhonde anadzuka kuti alankhule, akazi awo n'kuwakwezera dzanja, iwo n'kukhalanso pansi. Anamazira anapempha kuti awonjezereko pang'ono. Bamboyo anayamba kubwerera kugalimoto yake pang'onopang'ono, akudziwa kuti amuitana. Anamuitana.

Bamboyo anafunsa kuti atenge khola liti. Anamazira anaima pakati pa makola awiriwo kwa nthawi yaitali. Nkhuku za kumanzere ndi zimene anazilera okha kuyambira zili anapiye, m'nyengo yozizira, akugona nazo pafupi ndi mbaula. Za kumanja zinali zazing'onoko, ndipo zikanaikira nthawi yotalikirapo. Analoza kumanzere.

Mlamu anabwera kuti athandize kugwira, koma Anamazira anamuuza kuti azingotsegula makireti, iye manja ake ndi olimba, azithyola mapiko. Analowa okha, anatseka chitseko kumbuyo kwawo, n'kuwerama. Nkhuku zinawathamangira, poganiza kuti abweretsa chakudya.